Dzina Lomveka M'mabuku, Nanga M'nkhalango?

M'mwezi wa February chaka cha 2000, magazini ya sayansi ya Nature inatulutsa pepala la masamba asanu ndi limodzi lolembedwa ndi Norman Myers pamodzi ndi anzake anayi: Russell Mittermeier, Cristina Mittermeier, Gustavo da Fonseca ndi Jennifer Kent. Mfundo yawo inali yosavuta kumva. Ndalama zotetezera zachilengedwe n'zochepa, pomwe zomera ndi nyama zomwe zatsala pang'ono kutha n'zosawerengeka. Choncho n'kwanzeru kuyambira komwe kuli zamoyo zambiri zosapezeka kwina kulikonse, komanso komwe chiwonongeko chafika kale patali. Iwo anatchula madera 25 otere. Anawerengera kuti nkhalango ndi tchire zotsala m'maderawo zikaphatikizidwa zimangokwana 1.4 peresenti ya mtunda wonse wa dziko lapansi, koma mitundu 44 pa 100 iliyonse ya zomera, ndiponso 35 pa 100 iliyonse ya nyama zoyamwitsa, mbalame, zokwawa ndi za m'gulu la achule, imapezeka kumeneko kokha.

Kuchokera nthawi imeneyo, ofufuza ena atchula pepalali m'zolemba zawo maulendo zikwi makumi angapo, moti lili m'gulu la mapepala otchulidwa kwambiri pa nkhani yoteteza zachilengedwe. Koma kodi chiwerengero chotere chimatiuza chiyani za munthu ndi ntchito yake? Funsoli si la anthu a m'mayunivesite okha. Ziwerengero zimenezi ndi zomwe masiku ano zimathandiza kugamula woyenera kulembedwa ntchito, woyenera kukwezedwa kukhala pulofesa ndi woyenera kulandira ndalama za kafukufuku. Potero zimagamulanso mafunso omwe afufuzidwe ndi omwe asiyidwe. Mfundo yanga ndi yakuti kutchulidwa kumangosonyeza mtunda womwe mawu a wofufuza ayenda pakati pa olemba anzake. Ndi umboni weniweni, koma ndi mboni imodzi yokha. Pa sayansi yomwe cholinga chake n'chakuti zamoyo zisathe, mboni imeneyi siyenera kuweruza mlandu payokha.

Kuwerengaku kunayamba bwanji?

Wasayansi akalemba pepala, kumapeto kwake amaika mndandanda wa zolemba za anzake zomwe watsamirapo. Mwambowu ndi wachilungamo: munthu amavomereza kuti nzeruzo sanaziyambe yekha, ndipo amalozera wowerenga komwe angakatsimikize. Mu 1955, Eugene Garfield wa ku America analemba m'magazini ya Science kuti mindandanda imeneyi itasonkhanitsidwa pamodzi, munthu atha kutsata lingaliro kuchokera kwa yemwe analiyamba kufikira onse omwe analigwiritsa ntchito kapena kulitsutsa pambuyo pake. Bungwe lake la Institute for Scientific Information, la mumzinda wa Philadelphia, linayamba kutulutsa kaundula wotere wotchedwa Science Citation Index mu 1964. Cholinga choyamba chinali kuthandiza anthu kupeza zolemba, osati kuika asayansi pamzere wa opambana ndi olephera.

Kuchokera m'kaundulayu munatuluka muyeso wa magazini wotchedwa impact factor. Amatenga mapepala omwe magazini inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo, n'kuwerenga kuti atchulidwa kangati chaka chino, kenaka n'kugawa ndi kuchuluka kwa mapepalawo. Muyesowu unkathandiza oyang'anira malaibulale kusankha magazini oti agule ndi ndalama zawo zochepa. Posakhalitsa anthu anayamba kuugwiritsa ntchito poyeza wolemba: ngati pepala lako latuluka m'magazini ya muyeso waukulu, ndiye kuti iwenso ndiwe wamkulu.

Mu 2004 kunabwera Scopus ya kampani ya Elsevier komanso Google Scholar, ndipo mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa pa University of California ku San Diego, anabweretsa h-index. Wofufuza ali ndi h-index ya 20 ngati ali ndi mapepala 20 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 20. Nambala imodziyi imaphatikiza kuchuluka kwa zolemba ndi kumveka kwake, ndipo n'chifukwa chake makomiti olemba anthu ntchito anaikonda msanga. Koma munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi manambala osiyana malinga ndi komwe mwayang'ana. Web of Science, yomwe ndi mdzukulu wa kaundula wa Garfield, imawerenga magazini osankhidwa okha. Google Scholar imawerenganso mabuku, malipoti ndi zolemba za ophunzira a digiri, choncho manambala ake amakhala okwera.

Pomwe chiwerengero chikunena zoona

Norman Myers anabadwira ku England mu 1934 ndipo anamwalira mu 2019. Anapita ku Kenya mu 1958 kukagwira ntchito m'boma la atsamunda, kenaka anakhala mphunzitsi, n'kudzakhalanso wojambula zithunzi za nyama zakutchire. Digiri ya udokotala anaipeza pa University of California ku Berkeley mu 1973, ali ndi zaka pafupifupi 40. Zaka zambiri za moyo wake anagwira ntchito ngati mlangizi woima payekha.

Lingaliro la madera ofunika kuyambirako, omwe anawatcha ma hotspot, analitulutsa koyamba mu 1988 m'magazini yaing'ono yotchedwa The Environmentalist, momwe anatchula nkhalango khumi za m'mayiko otentha. Mu 1990 anawonjezera madera asanu ndi atatu. Pepala la 2000 linaika malire omveka bwino: dera likhale ndi mitundu ya zomera yosachepera 1,500 yosapezeka kwina, ndipo likhale litataya kale 70 peresenti kapena kuposerapo ya zomera zake zachilengedwe.

Apa kutchulidwa ndi zochitika zinayendera limodzi. Bungwe la Conservation International linatenga lingaliroli kukhala maziko a ntchito yake. M'chaka chomwecho cha 2000, bungweli pamodzi ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi Global Environment Facility linakhazikitsa thumba la Critical Ecosystem Partnership Fund, lomwe limapereka ndalama kumabungwe omwe si aboma ogwira ntchito m'madera amenewa. Mndandanda wa maderawa unakonzedwanso n'kufika pa madera 34, ndipo pofika 2016 unali ndi madera 36. Limodzi mwa omwe anawonjezedwa ndi Eastern Afromontane, mzere wa mapiri wochokera ku Arabia kudutsa ku Ethiopia mpaka ku Zimbabwe ndi Mozambique, womwe umaphatikiza Nyika ndi phiri la Mulanje. Choncho pepala lolembedwa kutali linathandiza kusankha komwe ndalama zotetezera zachilengedwe zipite, kuphatikizapo kuno kwathu. Mu 2001 Myers analandira mphoto ya Blue Planet Prize ya ku Japan. Munthu wonena kuti ziwerengero za kutchulidwa n'zachabechabe ayenera kufotokoza nkhani ngati iyi. Nthawi zambiri ntchito yomwe yasintha kaganizidwe ka anthu imatchulidwadi kwambiri.

Kutchulidwa si kutsimikizika

Makina owerengera sasiyanitsa wovomereza ndi wotsutsa. Mu 2003, Peter Kareiva ndi Michelle Marvier analemba m'magazini ya American Scientist kuti kuthamangira ma hotspot kungachititse anthu kuiwala malo okhala ndi mitundu yochepa koma ofunika kwambiri pa moyo, monga madambo omwe amasefa madzi ndi malo aakulu omwe nyama zolusa zimafuna. Mu 2005, David Orme ndi anzake anaonetsa mu Nature kuti pa mbalame za dziko lonse, malo okhala ndi mitundu yambiri, malo okhala ndi mitundu yosapezeka kwina, ndi malo okhala ndi mitundu yomwe ili pangozi amakumana pang'ono kwambiri. Mkangano wotere ndi umene umakulitsa sayansi. Koma pa tsamba la ziwerengero, wotsutsa aliyense amangowonjezera nambala ya wotsutsidwayo.

Vuto lalikulu lili pa manambala ena a Myers. M'buku lake la 1979, The Sinking Ark, anayerekezera kuti mitundu ya zamoyo 40,000 izitha chaka chilichonse. Nambalayi inachokera pa kuganizira kuti mitundu miliyoni imodzi itha m'zaka 25, osati pa kuwerenga kwenikweni m'nkhalango. Inabwerezedwa m'mabuku ndi m'nyuzipepala kwa zaka zambiri, ndipo anthu otsutsa zoteteza chilengedwe anaigwiritsa ntchito ngati chida chonyozera ntchito yonse. Zinachitikanso chimodzimodzi ndi anthu othawa kwawo chifukwa cha kuwonongeka kwa chilengedwe. Myers anayerekezera kuti chiwerengero chawo chingafike pa 50 miliyoni pofika 2010 ndi 200 miliyoni pofika 2050. Lipoti lotchuka la Stern Review la 2006 linatchula nambala yachiwiriyi, ndipo mabungwe ambiri anaitenga kuchokera pamenepo. Mu 2011, François Gemenne anaunika manambala oterewa n'kupeza kuti njira zowapezera zinali zofooka.

Izi sizikutanthauza kuti zamoyo sizikutha kapena kuti kusintha kwa nyengo sikukusamutsa anthu. Zonsezi zikuchitika, ndipo Myers anali m'gulu la oyamba kuchenjeza. Phunziro lake ndi lakuti nambala yozungulira bwino, yosavuta kukumbukira, imayenda msanga kuposa nambala yosamalitsa yokhala ndi malire. Wolemba wachiwiri amatchula woyamba, wachitatu amatchula wachiwiri, ndipo wakhumi sanaonepo komwe nambalayo inachokera. Mapazi ambiri panjira amasonyeza kuti padutsa anthu ambiri, koma satsimikiza kuti kumapeto kwake kuli chitsime cha madzi abwino.

Palinso mtundu wa mapepala womwe umatchulidwa kwambiri chifukwa ndi zida zogwirira ntchito. Pepala lotchulidwa kuposa onse mu sayansi, malinga ndi kuwerenga kwa Nature kwa mu 2014, ndi la Oliver Lowry ndi anzake la 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni, lomwe linali litatchulidwa koposa ka 300,000. Pa zachilengedwe, pepala la Robert Hijmans ndi anzake la 2005 la mapu a nyengo otchedwa WorldClim, ndi la Steven Phillips ndi anzake la 2006 la pulogalamu ya pakompyuta ya Maxent, amatchulidwa ndi aliyense wogwiritsa ntchito zidazo. N'zothandizadi. Koma munthu yemwe watha zaka khumi akutsata moyo wa mtengo umodzi wosowa sangapikisane nazo pa manambala, ngakhale atachita bwino chotani.

Omwe muyesowu umawapondereza

Raymond Lindeman anafufuza kanyanja kakang'ono kotchedwa Cedar Bog Lake ku Minnesota, n'kulemba pepala lofotokoza momwe mphamvu imayendera kuchoka ku zomera kupita ku nyama zodya zomera, mpaka ku nyama zodya zinzake, ikucheperachepera pa sitepe iliyonse. Magazini ya Ecology inalikana poyamba, ndipo linalandiridwa G. Evelyn Hutchinson wa ku Yale atalimenyera nkhondo. Lindeman anamwalira mu 1942 ali ndi zaka 26, pepalalo lisanatuluke. Lero mwana aliyense wa sekondale wophunzira za kayendedwe ka mphamvu m'mndandanda wa chakudya akuphunzira zomwe zinachokera pamenepo. Koma popeza h-index singapose kuchuluka kwa mapepala omwe munthu analemba, ya Lindeman ndi yaing'ono kuposa ya ophunzira ambiri a masiku ano.

Oponderezedwa kwambiri ndi akatswiri otchula ndi kufotokoza mitundu ya zamoyo. Palibe angateteze nsomba yopanda dzina. Komabe mwambo wa asayansi ndi wakuti dzina la mtundu limalembedwa m'pepala popanda kuika pamndandanda wa kumapeto ntchito ya yemwe anaufotokoza. Frank-Thorsten Krell anadandaula za zimenezi mu Nature kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Iye anati ntchito yotere imagwiritsidwa ntchito kwa zaka makumi ambiri ndi anthu ochepa nthawi iliyonse, pomwe impact factor imangoyang'ana zaka ziwiri.

Nyanja ya Malawi ndi chitsanzo chabwino. Ethelwynn Trewavas wa ku British Museum ku London anatulutsa mu 1935 ndondomeko ya nsomba za m'banja la chambo, mbuna ndi utaka za m'nyanjayi, ndipo mu 1939 anabwera yekha m'gulu lofufuza za usodzi. Mu 1989, ali ndi zaka pafupifupi 90, anatulutsa pamodzi ndi David Eccles buku lokonzanso magulu a nsombazi. Rosemary Lowe-McConnell anakhala panyanjayi kuyambira 1945 mpaka 1947 akusiyanitsa mitundu ya chambo ndi kufufuza nthawi ndi malo omwe imaswana. Zomwe anapeza zinatuluka mu 1952 ngati lipoti la boma, osati m'magazini yotchuka. Geoffrey Fryer anafotokoza moyo wa mbuna za m'miyala ya ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo Anthony Ribbink ndi anzake anatulutsa mu 1983 kafukufuku wamkulu wa nsomba za m'miyala ya m'nyanjayi. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsombazi. Masiku ano mapepala a za majini a nsomba za m'Nyanja ya Malawi amatuluka mu Science ndi Nature n'kutchulidwa kwambiri. Onsewo aima pa ntchito ya anthu omwe anawerenga mamba, mano ndi minga ya nsomba imodzi ndi imodzi.

Kafukufuku wa nthawi yaitali nayenso amavutika. Gene Likens ndi anzake anayamba kuyeza madzi a m'nkhalango ya Hubbard Brook ku New Hampshire mu 1963, ndipo kuyeza kosalekeza kumeneko ndi komwe kunaulula mvula ya asidi ku North America. Cynthia Moss anayamba kutsata njovu za ku Amboseli ku Kenya mu 1972. Njovu imakhala ndi bere kwa miyezi 22 ndipo imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 60, choncho mafunso ena okhudza njovu sangayankhidwe m'zaka zitatu zomwe thandizo la ndalama limakhalapo. Wofufuza wachinyamata yemwe akudziwa kuti adzayezedwa ndi manambala a zaka zisanu zikubwerazi amaganiza kawiri asanayambe ntchito yotere.

Ndani amatchula ndani?

Mu 1968, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Merton anafotokoza momwe ulemu mu sayansi umathamangira kwa omwe ali nawo kale. Wolemba akafuna kutchula gwero la mfundo, amasankha dzina lomwe akulidziwa, ndipo makina ofufuzira amaika pamwamba pepala lotchulidwa kale kwambiri. Kusiyana kwakung'ono kwa poyamba kumakula chaka ndi chaka.

Pa sayansi ya zachilengedwe kusiyanaku kuli ndi mapu ake. Mu 2021, Bea Maas ndi anzake anaunika olemba oposa 1,000 omwe amasindikiza kwambiri m'magazini akuluakulu a sayansiyi. Anapeza kuti akazi anali 11 peresenti yokha, ndipo olemba oposa 75 peresenti anali a m'mayiko asanu: United States, United Kingdom, Australia, Germany ndi Canada. Chonsecho zamoyo zambiri zili m'mayiko otentha. M'chaka chomwecho, Paris Stefanoudis ndi anzake anaonetsa kuti pa mapepala a za matanthwe amoyo a m'nyanja zamchere omwe kafukufuku wake anachitikira ku Indonesia ndi ku Philippines, pafupifupi 40 peresenti analibe wolemba ndi mmodzi yemwe wa m'dzikolo. Wofufuza amafika ndi ndege, amatenga zomwe akufuna mothandizidwa ndi eni dziko, n'kukalembera kwawo. Yemwe anamulondolera, kumumasulira ndi kumuuza dzina la mtengo amathokozedwa m'mzere umodzi kumapeto, ndipo mzere umenewo makina sauwerenga.

Chilankhulo ndi mpanda wina. Tatsuya Amano ndi anzake anapeza mu 2016 kuti mwa zolemba za sayansi zoposa 75,000 za kuteteza zamoyo zomwe zinatuluka mu 2014, pafupifupi 36 peresenti sizinali m'Chingerezi. Zambiri mwa zimenezi sizilowa m'makaundula akuluakulu. Chimodzimodzinso magazini ambiri a mu Africa, omwe amapezeka pa African Journals Online koma osati pa Web of Science. Ndalama nazo zimasankha. Mu 2021 Nature inaika mtengo wa mayuro 9,500 kwa wolemba wofuna kuti pepala lake liwerengedwe mwaulere ndi aliyense. Makampani ambiri osindikiza amachotsera mtengo olemba a m'mayiko osauka kwambiri, koma si wofufuza aliyense wovutika yemwe amalowa m'gulu limenelo.

Ndipo muyeso ukasanduka mphoto, anthu amaphunzira kuusewera. Ena amaduladula kafukufuku mmodzi kuti atuluke mapepala anayi. Ena amadzitchula okha mopyola muyeso, kapena amapangana ndi anzawo kuti azitchulana. Mu 2018, John Ioannidis ndi anzake anapeza asayansi zikwi zingapo omwe dzina lawo linkatuluka pa pepala latsopano masiku asanu aliwonse. Palinso magazini achinyengo omwe amasindikiza chilichonse bola munthu walipira, ndipo amakola kwambiri aphunzitsi a m'mayunivesite omwe auzidwa kuti sakwezedwa popanda mapepala.

Kuchoka papepala kufika pansi

Sayansi yoteteza zachilengedwe ili ngati ya zachipatala pa chinthu chimodzi: imayenera kuchiritsa. Apa ndi pomwe ziwerengero zimasowa chonena. Mu 2004, William Sutherland ndi anzake anafunsa oyang'anira madambo a ku Broadland ku England komwe amatenga nzeru zoyendetsera ntchito yawo. Pafupifupi 77 peresenti ya magwero anali zomwe munthu waona yekha, nzeru zachibadwa ndi kucheza ndi anzake. Zolemba za sayansi zinali pafupifupi 2 peresenti. Mu 2008, Andrew Knight, Richard Cowling ndi anzawo, akugwira ntchito ku South Africa, anaunika mapepala osankha malo oyenera kutetezedwa n'kupeza kuti awiri mwa atatu aliwonse sanabale ntchito iliyonse pansi. Asayansi ankalemberana okhaokha.

Koma zikayenda bwino, zotsatira zimaoneka ndi maso. M'zaka za m'ma 1990, miimba ya ku India, Pakistan ndi Nepal inayamba kufa mochuluka, moti mitundu ina inachepa ndi 95 peresenti kapena kuposerapo. Mu 2004, Lindsay Oaks ndi anzake anaonetsa mu Nature kuti chomwe chinkapha mbalamezi ndi diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu omwe ankabaya ng'ombe. Muimba ukadya nyama ya ng'ombe yoteroyo, impso zake zimawonongeka. Mu 2006 mayiko atatuwa analetsa mankhwalawa pa ziweto, ndipo ofufuza anatsimikiza kuti meloxicam ndi mankhwala olowa m'malo osavulaza miimba. Pepalalo limatchulidwa kwambiri, koma phindu lake lenileni ndi lamulo lomwe linasintha ndi mbalame zomwe zinapulumuka.

Chitsanzo china ndi cha Georgina Mace, yemwe anamwalira mu 2020. Mu 1991 iye ndi Russell Lande anapereka njira yoyezera ndi manambala kuti mtundu wa chamoyo uli pafupi bwanji kutha, poona kuchuluka kwake, liwiro lomwe ukuchepera ndi kukula kwa dera lomwe ukupezeka. Bungwe loteteza zachilengedwe la IUCN linavomereza njira yochokera pamenepo mu 1994, ndipo lero mitundu yoposa 150,000 yayezedwa pa Red List, kaundula wa bungweli wosonyeza zamoyo zomwe zili pangozi. Pomwe mkungudza wa ku Mulanje unaikidwa m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu kwambiri, ndiponso pomwe chambo cha mtundu wa Oreochromis karongae chinalowa m'gulu lomwelo mu 2018, muyeso womwe unagwira ntchito unachokera kwa Mace ndi anzake. Nduna, mtolankhani kapena mkulu wa zankhalango wogwiritsa ntchito Red List satchula dzina lake. Mbali yaikulu ya phindu la ntchito yake ili kunja kwa chiwerengero chilichonse.

Palinso nzeru zomwe sizilowa n'komwe m'kaundula. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti nsomba ziswane. Ofufuza akalemba za Mbenji, otchulidwa amakhala olembawo. Omwe anayambitsa dongosololo n'kulisunga kwa mibadwo alibe h-index.

Nanga tiyeze bwanji?

Asayansi eni ake anaona vutoli. Mu December 2012, pamsonkhano wa ku San Francisco, gulu la akonzi ndi osindikiza magazini linalemba chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor ya magazini isagwiritsidwe ntchito poyeza munthu. Mu 2015, Diana Hicks, Paul Wouters ndi anzawo anatulutsa Leiden Manifesto, mfundo khumi zomwe yoyamba yake ndi yakuti manambala azithandiza kuweruza kwa akatswiri, osati kulowa m'malo mwake. Ina imapempha kuti kafukufuku wothandiza dera lakwawo atetezedwe. Ku United Kingdom, kuyambira 2014 mayunivesite amayenera kupereka umboni wolembedwa wa momwe kafukufuku wawo wasinthira zinthu kunja kwa sukulu.

Sindikunena kuti manambala atayidwe. Asanabwere, kukwezedwa pantchito kunkadalira kwambiri kudziwana ndi akuluakulu, ndipo chiwerengero chooneka ndi aliyense chimateteza wofufuza wakhama yemwe alibe omuyankhulira. Chofunika n'kuchiwerenga mwanzeru: kuyerekeza munthu ndi anzake a nthambi yomweyo ndi a zaka zofanana pantchito, kuchotsa kudzitchula, ndi kuona gawo lomwe iye anachita pa pepala la olemba makumi asanu.

Kenaka komiti iliyonse yoyeza wofufuza wa zachilengedwe iwerenge mapepala ake atatu kapena asanu omwe iye mwini akuti ndi opambana, n'kufunsa mafunso omwe makina sangayankhe. Kodi zomwe ananena zapirira pomwe ena anaziyesa? Kodi ndani wazigwiritsa ntchito kunja kwa yunivesite: dipatimenti ya zankhalango, ya usodzi, komiti ya m'mudzi yoyang'anira gombe, opanga malamulo? Kodi wasiya chiyani chomwe ena adzamangepo: zomera zouma zosungidwa bwino ku National Herbarium ku Zomba, kaundula wa nsomba zogwidwa wa zaka zambiri, ophunzira omwe wawaphunzitsa? Kodi eni dera lomwe anafufuzako analembedwa ngati olemba anzake, ndipo anauzidwa zotsatira m'chilankhulo chomwe amamva?

Kuyankha mafunso amenewa kumatenga masiku, pomwe kuona h-index kumatenga mphindi imodzi. Koma achinyamata omwe akuyamba kafukufuku lero amayang'ana chomwe chimapatsa akulu awo ulemu, n'kusankha njira yawo motsatira chimenecho. Tikamalemekeza kutchulidwa kokha, tidzakhala ndi akatswiri ambiri osanthula pakompyuta manambala omwe ena anasonkhanitsa, ndi ochepa odziwa kusiyanitsa mitundu ya chambo kapena kumeretsa mbande za mkungudza. Mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama ali ndi mphamvu yosintha zimenezi polemba m'malamulo awo okwezera anthu pantchito kuti lipoti lomwe lasintha lamulo la usodzi, kufotokoza mtundu watsopano wa chamoyo, ndi zaka khumi za kuyeza mokhulupirika ndi ntchito ya sayansi yokwanira, yoyenera kuwerengedwa mofanana ndi pepala la m'magazini yotchuka.